Diso Lakumanja la Mdzukulu Wanga

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndipo manyazi ndilibe nazo. Dzanja langa linazolowera nkhafi ndi chingwe cha ukonde, cholembera chimandiona ngati mlendo. Zilembo zanga ndi zikuluzikulu, tsamba limatha nkhani isanayambe. Chichewa changanso ndi cha pamsika ndi cha pawailesi, pakuti kuno ku Usisya tili ndi chiyankhulo chathu. Koma nkhani iyi ndikufuna aimve mpaka a ku Nsanje, ndiye pirirani nane.

Kuno amandidziwa. Ndinali mkulu wa chilimira, ukonde waukulu uja wa usipa ndi utaka, kuyambira ndevu zisanamere bwino mpaka zitachita mbuu. Ndikati kokani, mabwato onse ankamva ngakhale mphepo ikulira. Pamaliro ndikakhalapo sabwereka chimkuzamawu. Kumpingo ndine mmodzi wa madoda. Ndanena izi kuti mudziwe kuti amene analakwitsa m'nkhani ino sanali munthu wamba.

Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, amasamala maluwa pakhomo pa bwana wina. Mkazi wake anabwera kudzakhala pamudzi ali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Mwanayo anabadwira komweko, ndipo poti makolo ake analibe mapepala, kusikelo ankapita mozemba, kenako anasiyiratu. Katemera wa chikuku anamuphonya. Ife sitinafunse. Mwana wonenepa, wothamanga kuposa nkhuku, ukafunsa chiyani?

Tsopano mvetsetsani mwambo wathu. Mkazi wa mwana wako timamutcha mkamwana. Mkamwana ndi apongozi ake aamuna sayang'anana kumaso, sapatsana chinthu pamanja, sayankhulana. Tikakumana panjira iye ankapatuka n'kugwada m'chinangwa mpaka ndidutse. Nyumba yake ndi yanga zatalikirana mapazi makumi awiri basi, koma khomo lake ndinali ndisanalipondepo. Ambiri masiku ano anazitaya zimenezi. Ine ndinkazigwira zolimba, ndipo ndinkadzitama nazo pakati pa madoda anzanga kuti ulemu watsala pakhomo panga pokha.

Nanga tinkamvana bwanji? Kudzera mwa mwanayo. Mayi wake ankati kawauze asekulu, ndiye kuti agogo aamuna, madzi ali kubafa. Ine ndinkati kawauze amayi ako ndiwo zachepa mchere. Nthawi zina tinkakhala moyandikana moti mawu onse tamvana kale, komabe mwana ankathamanga kukanena, n'kuwonjezerapo zake, kuti asekulu akuti mawa ndisapite kusukulu. Zaka zinayi tinakhala choncho, ndipo palibe chinasokonekera.

Chikuku chinalowa m'midzi yathu nyengo ya mphepo ya mwera, mdzukulu wanga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ali Sitandade 2. Anabwera kusukulu thupi likutentha, chifuwa, mamina, maso ofiira. Patapita masiku atatu tizilonda tinayamba kuseri kwa makutu n'kutsika thupi lonse. Mkazi wanga, amene anabala ana asanu ndi atatu ndipo safuna kuuzidwa za ana, anatenga nkhani yonse m'manja mwake. Anachita monga anachitira amayi ake. Mwana wa chikuku amatsekeredwa m'nyumba, pawindo amaphimba nsalu, sasamba, sadya nsomba kapena dzira, amangomwa phala lamadzimadzi. Kuchipatala ayi, akuti jakisoni amabwezera chikuku m'kati. Maso atayamba kutuluka mafinya, anasinja masamba ena ake, n'kumafinyira madzi ake m'maso m'mawa ndi madzulo. Ankati ifenso anatichita zomwezi, nanga sitikuona?

Mwanayo anamugoneka m'nyumba ya amayi ake, mmene ine sindilowa. Tsiku lililonse ndinkafunsa mkazi wanga, iye n'kuyankha kuti chikutuluka bwino. Ine basi kunyamula singano yanga kukasoka ukonde. Masiku asanu ndi limodzi ndinakhala ndikukangana ndi anzanga za mpira pamchenga, mwana akuwola maso mapazi makumi awiri kuchokera pa mphasa yanga. Mkamwana ankafuna kupita naye kuchipatala, koma apongozi ake aakazi akanawatsutsa bwanji? Ndipo ine akanandiuza kudzera mwa ndani, poti wotumidwa wathu ndi yemwe anali gone?

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri mkazi wanga anapita kukavuula chinangwa chimene ananyika. Ine ndinali pansi pa mango ndi ukonde pamiyendo, galu wathu atagona pafupi. Ndinamva mapazi. Mkamwana anagwada kuseri kwa mtondo, atandipatsa msana, ndipo anayankhula ndi galu.

“Galu iwe, kauze mbuye wako kuti mwana sanatsekule maso masiku atatu. Dzulo wakomoka kawiri, miyendo kuuma, thovu kukamwa. Lero sakundidziwa ine mayi wake. Kauze.”

Galu anangogwedeza mchira. Ine ndinene zoona, chinthu choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti madoda anzanga adzati chiyani. Ndinakhala ndi ganizo limenelo nthawi yokwana kumangira mfundo imodzi ya ukonde. Kenako ndinaimirira, ndinayenda mapazi makumi awiri aja, ndinawerama pakhomo, ndinalowa.

M'katimo munali mdima ndi fungo. Ndinang'amba nsalu ya pawindo. Mwana anali pamphasa, khungu likusendeka, milomo yong'ambika, zikope zitamatana ndi mafinya osakanikirana ndi zobiriwira za masamba. Ndinamuitana ndi mawu anga onse, sanagwedezeke. Ndinanyowetsa chala n'kutsekula diso lakumanzere. Pamene pamayenera kuda panali potuwa ngati diso la nsomba yophika. Ine maso a nsomba ndimawadziwa, ndinadziwa kuti ilo lapita. Ndinatsekula lakumanja. Linali lofiira ngati magazi, koma pakati padakali pakuda, m'mbali mokha munali kadontho koyera ngati kamchenga.

Ndikutuluka naye m'manja, mkazi wanga anali atafika, dengu lili pamutu.

“Bambo inu, mwalowa m'nyumba ya mkamwana? Mwapenga?”

“Ndapenga. Vula chitenje icho ndimufunditse mwana.”

Analira kuti mphepo imupha, kuti chikuku sichionetsedwa dzuwa, kuti ndikuchititsa manyazi mudzi. Chitenje anandipatsa ndithu.

Chipatala chathu chaching'ono chili kuseri kwa phiri. Wapansi ndi maola awiri, njira ya miyala yokhayokha. Pa bwato safika ola nyanja ikagona, koma tsiku limenelo mwera unali utayamba kudzuka. Ndinakankha bwato langa. Mkamwana anaima m'madzi kanthawi, pakuti kukwera bwato limodzi ndi ine chinali chinthu china chosaloledwa. Ndinauza galu, amene anatitsatira mpaka kumchenga, kuti auze mayi wa mwana akwere msanga. Anakwera kutsogolo, msana kwa ine, mwana pamiyendo.

Titazungulira mwala waukulu wa pakona, mafunde anayamba kulowa m'bwato. Pomwepo mwana anaumanso. Ndinaona miyendo yake ikugunda m'mbali mwa bwato, mutu utapindikira kumbuyo. Mkamwana anatembenuka, anandiyang'ana m'maso koyamba chikwatiwire pamudzi pathu, n'kundiitana monga mwana wa kwathu amaitanira bambo wake.

“Adada, palasani.”

Ndinapalasa. Ndinali nditapitirira zaka makumi asanu ndi awiri, koma anyamata amene anali pamchenga tsiku lija mpaka lero amanena kuti bwato lija linabwera ngati lili ndi injini. Sindikudzitama, afunseni.

Dokotala wa pachipatalapo anali wachinyamata wochokera cha ku Dowa, wolankhula Chichewa chosalala. Sanatikalipire. Anapereka mankhwala oletsa kukomoka, anadula kakapisozi kofiira n'kufinyira m'kamwa mwa mwana, anati ameneyo ndi vitamini A. Anatsuka maso ndi madzi oyera mpaka zobiriwira zonse zitatha, anapaka mafuta a mankhwala, anaphimba. Atatero ndiye anatifotokozera. Anati chikuku sichithera pakhungu. Mwa ana ena chimakwera mpaka kubongo, bongo n'kutupa, ndiko kukomoka ndi kusadziwa anthu kumeneko. Anatinso chimadya vitamini amene amasunga galasi la diso lonyowa. Galasi likauma limachita chilonda, ndipo madzi a masamba pachilonda chotero ali ngati kuthira mchenga. Diso lakumanzere anati asatinamize, lapita. Lakumanja lingapulumuke, koma mwana afike kuchipatala chachikulu lero, osati mawa.

Ambulansi inali itakwera phiri m'mawa ndi mayi wapakati, ndipo msewu umenewo galimoto ikakwera sibwerera tsiku lomwelo. Ndinatsikira kumchenga. Panali boti la injini litapakira matumba a usipa wopita ku Nkhata Bay, mwini wake akudikira kuti mphepo igone anyamuke mawa. Munthuyo ndinamuphunzitsa ndine kuponya ukonde akadali ndi mamina. Anati adada, nyanja iyi si yoyenda. Ndinamuuza kuti nyanja iyi ndinayamba kuiyenda abambo ake asanafunsire amake, ndipo chiwongolero ndigwira ndine. Anthu anasonkhana kumva phokoso. Iye anaseka, anapukusa mutu, anatsitsa matumba anayi kuti boti lipepuke.

Tinayenda m'mbalimbali, kubisala kuseri kwa kona iliyonse, kudikira funde lalikulu lidutse, n'kudumphira kona ina. Mkamwana anagwira botolo la diripi m'mwamba ulendo wonse, dzanja likatopa ndinkasiyira mwini boti chiwongolero n'kumulandira, ndipo pamenepo ndiye tinayamba kupatsana zinthu pamanja. Tinafika kuchipatala chachikulu dzuwa likadalipo.

Mwana anamuika m'chipinda chayekha kuti asapatsire ena. Phala linkalowa pa paipi ya m'mphuno. Masiku asanu sanadzuke. Manesi anandizolowera, mmodzi ankati akandiona pakhomo, agogo abwera, tsekani makutu. Ndinkaima pawindo n'kumamuuza mwana nkhani za kumudzi, nkhuku iti yaswa, bwato la ndani labooka. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatembenuza mutu. Lilime linali lolemera ngati la munthu woledzera, koma tinamva. Anati asekulu akusokosa. Nesi uja anaseka mpaka anakhala pansi.

Moyo unabwerera, koma maso anali adakali ophimba. Dokotala wa maso ankabwera ndi katochi kake. Anati lakumanzere lidzapola koma likhala loyera mpaka kale. Lakumanja chilonda chili m'mbali, sichinafike pakati, ndipo chikapola osakula mwana adzaona. Chikakula, ndiye basi. Mankhwala odontheza ankafunika usana ndi usiku osaphonya. Mkamwana anatchera belu pa foni yake, ndipo sanaphonye ngakhale kamodzi. Mkazi ameneyu ine ndinakhala naye zaka zinayi osadziwa kuti ndi munthu wolimba chotere, ndinkangodziwa msana wake.

Tsiku lochotsa bandeji ndinavala jekete. Dokotala anafunsa mwana chimene akuona. Mwana analira kuti kuwala kukumubaya, anati akungoona zithunzithunzi ngati utsi. Dokotala anati tisathamange, diso lodwala limadzuka pang'onopang'ono.

Tinabwerera kumudzi patatha pafupifupi mwezi, mwana ali kumsana ngati khanda. Mwendo wakumanzere unkakana, kuimirira yekha sankatha. Mkazi wanga anatidikira pamchenga. Ataona diso loyera lija anakhala pansi, ndipo ine sindinamunenepo chilichonse, pakuti iye anachita zimene anaphunzitsidwa, ine ndinachita zimene ndinkadzitama nazo. Kuyambira tsiku limenelo ndiye amene ankayenda midzi kufuna mapapaya, mazira ndi mbatata yofiira m'kati monga anatiuzira kuchipatala. Chigwada chotendera sichinkasowa. Mwana wa mnansi wathu atatuluka tizilonda, mkazi wanga yemweyo analanda masamba m'manja mwa agogo ake n'kuwaponya kudzala.

Lamlungu loyamba, pabwalo la tchalitchi, doda mnzanga anandifunsa anthu akumva kuti akumva zoti masiku ano ndimamwa tiyi ndi mkamwana. Ndinati ee, ndipo amathira shuga wambiri kuposa akunyumba kwanu. Nkhani inathera pomwepo.

Mayi wina wa kuchipatala anali atationetsa mmene tingaphunzitsire mwendo. Ndinadula nsungwi ziwiri zazitali, ndinazikhomera pa mphanda kuyambira pakhonde mpaka pa mango, mwana n'kumayenda pakati atagwira uku ndi uku. Ankagwa, ankalira, ankandinena kuti ndine woipa. M'mawa nyanja ikadali bata ndinkamulowetsa m'madzi ofika m'chiuno, pakuti madzi amanyamula munthu. Pofika nyengo ya mango anali akuyenda yekha, mwendo ukukokera pang'ono.

Chimene sitinkadziwa ndi diso. Mwanayu ndi wochenjera kwambiri, ndipo anaona kuti tikasangalala ndi pamene wanena kuti akuona. Bwalo lonse analiloweza. Anthu ankawadziwa mawu ndi mayendedwe. Ndikanyamula kanthu n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, ankanunkhiza kaye mochenjera n'kunena kuti batala, ndipo inalidi nsomba ya batala. Titabwerera kwa dokotala wa maso, iye anati chilonda chapola bwino, koma atamuimika kutsogolo kwa chipepala choyezera maso, mwana anaopa fungo la chipatala, anabisa nkhope m'chitenje cha amayi ake osayankha kanthu. Tinabwerako osadziwa.

Mvula itayamba tinapita naye kusukulu. Aphunzitsi ake anali mayi wochokera ku Zomba, wamfupi, wosaopa munthu. Anatilandira bwino, koma ananena mosabisa. Anati kalasi ndi yodzaza mpaka pakhomo, mabuku ndi ochepa, zonse zimalembedwa pabolodi. Ngati mwana saona bolodi, kumusunga pano ndi kumupha nzeru, kuli bwino apite kusukulu ya ana osaona, yogonera komweko, kutali ndi kuno. Mkamwana atamva mawu oti yogonera komweko anagwira mwana paphewa. Ine ndinati aphunzitsi, bolodi ili pomwepo, choko muli nacho, muyeseni lero tidziwe.

Anamukhazika kutsogolo, kukhoma lakumanzere, kuti bolodi likhale mbali ya diso lamoyo. Ine ndi mkamwana tinaima panja pawindo. Aphunzitsi analemba mawu atatu akuluakulu. Mwana anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Ana ena anayamba kunong'oneza, aphunzitsi anamenya tebulo. Kenako tinamva lilime lake lolemera lija likutchula, mbuzi, mvula, sopo.

Mkamwana anagwira pakamwa. Ine sindinakhutire. Ndinati aphunzitsi, zilembo zimenezo ndi zazikulu ngati zanga, ngakhale wakhungu angazipapase. Lembani zing'onozing'ono, ndipo zikhale zimene sanaimbepo m'kalasi, mwanayu ndimamudziwa ine. Aphunzitsi anandiyang'ana, anafufuta, analemba mzere wautali wa zilembo zawo za masiku onse. Ine pawindo paja sindinathe kugwirapo ngakhale liwu limodzi. Mwana anawerenga mojejema kuti amalume agula njinga yofiira ku Mpamba. Ndinafunsa ngati wakhoza. Anati wakhoza zonse.

Ndinati mubwezeni kumbuyo. Anamusunthira mzere wachiwiri, anawerenga. Wachitatu, anawerenga, ngakhale anatsinzina kwambiri. Wachinayi anati zikusakanikirana. Aphunzitsi anati basi, malo ake ndi mzere woyamba kapena wachiwiri, dzina lake libwerera m'kaundula lero. Ine ndinati kamodzi kokha, komaliza, kakang'ono kwambiri. Mayi uja anapumira m'mwamba, anamubwezera mwana kutsogolo, anathyola choko kuti chisongoke, analemba kanthu pakona pa bolodi kakang'ono ngati nyerere.

Mdzukulu wanga anapendeketsa mutu, anayamba liwu limodzilimodzi.

“Agogo, pitani kunyumba. Mwanayu akuona.”

Kalasi yonse inagwa ndi kuseka, ena kumenya mabenchi. Mwana anatembenukira kuwindo, anatipeza ndi diso lake limodzi, anatikupiza dzanja kuti tichoke tikumuchititsa manyazi. Mkamwana anali akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinavula chipewa, ndinati yewo aphunzitsi, ndiye zikomo wa kwathu, mawu anatuluka aang'ono moti ndikukayika ngati anamva.

Tinapitadi kunyumba monga anatilamulira. Sindinasoke ukonde tsiku limenelo, ndinangokhala poyang'ana njira yotsika kuphiri. Masana ana anayamba kutsika m'magulumagulu. Iye anafika pambuyo pa onse, mwendo ukukokera, diresi lili matope mpaka m'mawondo, kope lili pamutu kuopa mvula. Njira yonse ya miyala ija anabwera yekha, palibe anamugwira dzanja.